Gemu ya ku Joni M'nyumba ya Asiya

Pamene sikisi koloko ya m'mawa inkakwana, Asiya anali atakwecha kale mbali imodzi ya mkeka pa simenti ya pamjigo, ndipo ankautembenuza kuti ayambe mbali inayo. Linali Loweruka. Amayi anzake obwera kudzatunga madzi ankangomupatsa moni chapatali n'kuika ndowa zawo cha uko, poti fungo la mkekawo linkadzinenera lokha. Unali mkodzo. Dzulo lake kamnyamata kena ka kutsidya kwa msewu, ka mamina osauma, kanakana kutuluka panja poopa kuti malo ake pa gemu atengedwa. Kanangodzithira pomwepo, maso ali pa sikirini, zala zikudina mabatani. Anzake anangosendera pang'ono, masewera n'kumapitirira.

Mkekawo sunali wokhalira wamba. Unali umene Asiya amaswalirapo popemphera, wamlaza, umene amaupinda bwino n'kuupachika pamsomali kuseri kwa chitseko. Wina anautsitsa chifukwa pansi pankazizira. Tsopano ankauthira madzi, kuupaka sopo, kuutsukuluza, koma mtima sunkavomera kuti najisi yotere, uve woipitsa pemphero, ingachoke mpaka iye n'kudzaikanso mphumi yake pamenepo.

Asiya ndi wa ku Liwaladzi, kumunsi kwa msewu wa tala, kumene nyumba zimayamba kuima pamchenga. Zaka zake zapitirira makumi anayi. Ndi wamfupi, sayankhulayankhula, ndipo zikhatho zake n'zolimba ngati za munthu wopalasa bwato. Ali ndi kamunda ka mpunga kudambo, kamene kamamudyetsa chaka chikakhala chabwino. Sukulu anailekeza mu Sitandade 2, chaka chimene mayi ake anamwalira n'kumusiyira khanda. Khandalo ndiye Rashid, mlongo wake. Anamubereka kumsana, kumuphikira phala, kumuchapira matewera m'nyanja, mpaka Rashid anamera ndevu. Palibe amene anatchulapo zimenezo kuti ntchito. Anthu ankangoti mtsikanayu ngwamtima wabwino.

Masana, ntchito ikachepa, ankathamangira ku madrasa mwana ali kumsana, ndipo kumeneko anaphunzira zilembo za Chiarabu. Mpaka lero Kuraani amaiwerenga osapunthwa. Koma zilembo za kusukulu zinamutsalira pakati. Amazidziwa nkhope, monga umadziwira anthu a mudzi woyandikana nawo, koma kuti azilumikize zinene mawu amatuluka thukuta. Kuchipatala amapempha munthu wosamudziwa kuti amuwerengere kapepala. Uthenga ukalowa mufoni amayenda nayo kukafuna wophunzira, ndipo nkhani za m'nyumba mwake zimadziwika ndi ena iye mwini asanazimve.

Mwamuna wake anamwalira kalekale, ndipo mwana wake mmodzi yekhayo anakwatiwa ku Dwangwa. Nyumba itangoti zii, Rashid anabwera ndi mkazi wake kudzatsazika kuti akupita ku Joni kukafuna maganyu. Anasiya mwana wawo, Nasra, ati kwa miyezi yochepa chabe. Miyeziyo inabereka zaka. Nasra tsopano ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, ali mu Sitandade 3, ndipo mano ake a ukhanda amene aguluka kale onse anagwera m'manja mwa Asiya.

Pa mwanayu Asiya sankafuna zambiri. Ankafuna chinthu chimodzi, kuti Nasra adziwe kuwerenga, asadzayende ndi foni m'manja kufunafuna maso a eni. Ndipo chaka chatha zinkaoneka kuti zitheka. Akamapita kumsika, Nasra ankaima pakati pa njira kulimbana ndi mawu olembedwa kumbuyo kwa minibasi, chilembo chimodzichimodzi, minibasiyo mpaka kunyamuka iye asanamalize. Ankafika kumsika mochedwa, matimati abwino atatha, koma Asiya sankadandaula.

Gemu inabwera mvula itangotha, pa lole ya anthu aja amanyamula katundu wochokera ku Joni. Inali ya Rashid, ankasewera yekha kumeneko, ndiye atagula ina yatsopano anati yakaleyi ipite kwa mwana. M'katoni munali sikirini, kabokosi kakuda, zogwirira ziwiri za mabatani, sola ndi batire lalikulu. Pansi penipeni panali sopo wochapira. Ameneyo ndiye anali mphatso ya Asiya.

Wolumikiza mawaya anali Useni, msuweni wake, mwana wa malume ake. Useni amakoka khoka la chilimira panyanja usiku, masana alibe kolowera. Monga mwa chisuweni, Useni amamutchula Asiya kuti mkazi wake, ndipo amalowa m'nyumba osaodira. Analumikiza zonse, nalowetsa gemuyo pa intaneti kudzera mufoni yake, kenako anadzilonga yekha kukhala mwini. Anaika ndi mtengo womwe. Ana a kunyanja ndalama alibe, koma mathandala a amayi awo oyanikapo nsomba ali pabwalo, osatchinga. Ndiye Useni anati aliyense wofuna kusewera azibwera ndi usipa wodzaza dzanja, ndipo anaika ndowa kunsi kwa tebulo. Usipa ukachuluka ankakagulitsa n'kugula bandulo ya intaneti.

Vuto linali lakuti ana sasankha. Ankatapa wouma, wosauma, ngakhale wongovuulidwa kumene, kuufinya m'thumba la kabudula n'kudzaukhuthulira m'ndowamo pamodzi ndi mchenga ndi ulusi. Useni ankaiwala kutenga. Pakutha pa masiku angapo pansi pa ndowa pankasanduka phala, ntchentche zobiriwira zija n'kudzaza chipinda. Fungo linalowa m'makatani, m'bulangete, mpaka mu mpango umene Asiya amavala popita ku mzikiti Lachisanu.

Zotsala zonse zinagwera iye. Mtsuko wa madzi akumwa unkatha dzuwa lisanafike pamutu, poti ana ankaviikamo kapu pamodzi ndi dzanja lonunkha nsomba, ndiye ankayenera kuutsuka n'kubwereranso kumjigo. Ankasesa zotafuna za nzimbe, makoko a mtedza, njere za bwemba zonyowa malovu. Kuchimbudzi ankalowa atatseka mphuno ndi nsalu, chifukwa ana othamangira gemu saona pomwe pali dzenje. M'mawa uliwonse ankakwera pamtondo kupukuta fumbi pa sola, apo ayi batire silidzaza ndipo Nasra alira. Amayi a ana aja akaona kuti nsomba zikuchepa pathandala sankapita kwa Useni. Ankabwera kwa Asiya, manja m'chiuno, kudzafunsa kuti wayamba liti kuphunzitsa ana kuba. Akuluakulu amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma sananene kuti adzabwera mudzi wonse kudzakodzera pamkeka.

Pa ana onsewo katswiri anali Nasra. Kamunthu kake ka m'gemu kankathamanga, kudumpha, kugwetsa anzake, ndipo tsiku lililonse kankaoneka katavala zatsopano. Mawu a Chingerezi akatuluka pa sikirini, iye ankadina asanathe n'komwe kuoneka. Amuna obwera kuchokera kudoko ankasuzumira pawindo n'kumagwedeza mitu.

"Mwana uyu Chingerezi chili m'magazi," ankatero.

Useni anamujambula vidiyo n'kutumiza ku Joni, ndipo Rashid anaimba foni mtima uli m'mwamba. "Mwaona, achemwali? Ana a masiku ano amaphunzirira pa zimenezi. Mabuku ndi a nthawi yanu." Tsiku lomwelo Useni anaona kuti sikirini yapendekeka, chifukwa tebulo linali ndi mwendo umodzi waufupi. Anatenga buku la Chichewa la Nasra, limene anabwereka kusukulu, n'kulitsamiritsa kunsi kwa sikiriniyo. Linakhala pomwepo.

Asiya sanatsutse. Chingerezi sachidziwa, ndiye akanatsutsa ndi chiyani? Koma akamadutsa ndi tsache ankayang'ana maso a mwanayo. Iye amadziwa mmene maso a munthu wowerenga amachitira: amayenda, amaima, amabwerera pang'ono, milomo n'kumatsatira. Maso a Nasra sankayenda. Ankangoti tong'o pamalo amodzi ngati a chambo cha pabenchi. Ndipo panjira ya kumsika minibasi zinkadutsa, mawu ake ndi onse, mwana osatembenuka.

Loweruka limenelo, atabwera kumjigo, anayanika mkeka pampanda, nasesa pabwalo, naviika mpunga. Ana anali atayamba kale kulowa, matumba a makabudula ali tutumu. Dzuwa litakwera foni inalira. Anali Rashid.

"Achemwali, mukufuna kundipha?"

"Waalaikumu salaamu, achimwene," anayankha Asiya, ngakhale kuti moni sanapatsidwe.

Rashid sanamve n'komwe. Mawu ankatuluka mothamangitsana. Anati anapita kukatapa ndalama za lendi n'kupeza mulibe kanthu. Khadi lake la kubanki anaiwala kulichotsa m'gemu muja potumiza, ndipo kuyambira tsiku limene Useni anailowetsa pa intaneti, wina wakhala akugula zinthu pafupifupi tsiku lililonse.

"Zinthu zanji?"

"Zipewa. Nsapato. Jekete lagolide. Magalasi a dzuwa. Mpaka kavinidwe, achemwali, agula kavinidwe."

"Kuno sikunafike katundu aliyense. Mwina wa lole uja wasokoneza."

"Si za munthu. Ndi za kamunthu ka m'gemumo."

Asiya anatembenuka kuyang'ana pachingwe. Yunifolomu ya Nasra inali pomwepo, yoyezuka, yosokedwa m'khwapa ndi ulusi umene iye anasolola pathumba la mpunga. Chidole chosadya, chosamva kuzizira, chopanda ngakhale thupi loti ungalitsine, chinali ndi jekete lagolide.

"Ndipo musandiuze kuti sanadziwe," Rashid anapitiriza. "Chinthucho chimafunsa kaye. Chimalemba poyera kuti ukadina apa ndalama zichoka. Nasra amawerenga Chingerezi, ndinamuona ndi maso anga pa vidiyo. Wachita dala. Mukundilerera wakuba. Kodi inu mumatani tsiku lonse? Pantchito simupita, mumangokhala pakhomo, koma kuyang'anira mwana mmodzi kukukukanikani?"

Asiya anayang'ana zala zake. Zinali zotuwa, zokwinyika ndi sopo uja wa ku Joni.

"Mum'kwapule lero lomwe. Ndiimbanso masana, ndimve kuti mwachita."

Foni inaduka. Asiya anakhala pamtondo kanthawi. Njira zinali ziwiri ndipo zonse zinali zonunkha. Ngati Nasra amawerengadi, ndiye kuti anaona mawu aja, nawamva, naba ndalama za bambo ake mwadala. Ngati sanabe, ndiye kuti sawerenga, ndipo zonse zimene anthu ankatama pawindo paja zinali chikomekome cha nkhuyu. Sakanakweza dzanja pa mwana asanadziwe.

Anakumbukira mwalimu Kalilu, amene anamuphunzitsa ku madrasa. M'kalasi mwawo munali ana ena a makutu akuthwa, amene ankaloweza zonse pongomva anzawo. Ankaimba tsamba lonse mokoma, chala chikuyenda, makolo n'kumanyadira. Mwalimu Kalilu sankanyengeka. Ankatsegula pakati pa buku, kuloza liwu limodzi ndi kamtengo, mwana n'kunena. Kenako ankatsika m'munsi kufuna liwu lomwelo pamene labwerezedwa, n'kulozanso. Wowerenga ankanena chimodzimodzi. Woloweza ankanena china.

Nasra anali asanadye kanthu, choncho Asiya anayamba wadutsa pampanda kukagula zitumbuwa kwa a neba ake, mayi Lyness, amene onse amawatchula kuti aNyagondwe. Ndi ochokera kumpoto, anabwera kalekale ndi amuna awo kutsata nsomba, ndipo ana awo onse anakula n'kubalalika. Amakazinga zitumbuwa pansi pa mtengo wa mango. Zokulungira amang'amba m'mabuku akale a ana awo, amene anadzaza katoni. Tsamba lililonse amalidula pakati kuti likwanire ogula awiri. Anamukulungira zitumbuwa zotentha m'theka la tsamba, namufunsa za mkeka uja, koma Asiya anangoti wauma.

M'nyumba munali mdima ndi fungo. Ana anali atapanikizana pansi, pakamwa pali yasa. Useni anali atagona chagada pampando, miyendo pamwamba pa batire. Nasra anali kutsogolo, chogwirira m'manja. Asiya anaima pambali pake mpaka mawu a Chingerezi anatulukira.

"Taima kaye, mama. Apa alemba chiyani?"

"Akuti pitirizani," anayankha Nasra osatembenuka, n'kudina.

Panatuluka mawu ena, ataliatali, mizere itatu, ndi manambala pakati.

"Nanga apa?"

"Akutinso pitirizani."

Asiya anagwira dzanja la mwanayo lisanadine. Useni anaseka ali chigonere.

"Mkazi wanga, wayamba liti kuyesa anthu mayeso a Chingerezi? Usiku wathawu unapita ku yunivesite ine ndili panyanja?"

"Iwe wophunzira, tadzuka utiwerengere."

"Ine maso anga anapsa ndi nyali za usipa. Komanso zimenezo sawerenga. Umangodina chobiriwiracho, zimayenda zokha."

"Chofiiracho chimatani?"

"Chimabweza m'mbuyo. Ndani amafuna kubwerera m'mbuyo?"

Asiya anamasula zitumbuwa n'kuziika m'mbale. Anawongola pepala lija pabondo. Linali la Chichewa, la zilembo zikuluzikulu, ndipo mafuta anali atalipanga mawanga owala. Pamwamba panali chithunzi cha galimoto ya matola yodzaza anthu ndi mitolo. Anafufuza ndi maso mpaka anapeza liwu lalifupi limene nkhope yake inaoneka kawiri, pamzere woyamba ndi wachitatu. Anaika chala pa loyambalo.

"Chingerezi tachisiya. Ichi ndi chathu. Liwu ili likuti chiyani?"

Nasra sanayang'ane pachala. Anayang'ana chithunzi.

"Galimoto."

Chala chinatsika mizere iwiri. "Nanga ili?"

Mwanayo anaona nkhope ya azakhali ake, kufuna yankho pamenepo. "Msika."

Ana ena anayamba kung'ung'udza kuti masewera aima. Asiya sanachotse chala. Nasra anayang'ana pepala, nayang'ana sikirini.

"Zilembozo zadetsedwa ndi mafuta, azakhali."

"Kusukulu mumawerenga bwanji?"

"Aphunzitsi amayamba, ife timatsatira tonse."

"Zovala za kamunthu kako umazitenga kuti?"

"Zimangobwera. Ukadina chobiriwira amakupatsa."

Ndiye kuti mwanayo sanali wakuba. Asiya anamva mpumulo, koma unali mpumulo wa munthu amene wasanza. Miyezi yonseyi anakwera pamtondo kupukuta sola, anatunga madzi, anatsuka chimbudzi, analandira matukwano a amayi anzake, ndipo ntchito yonseyo inali yodyetsa chinthu chimene chinkadya mwana wake pang'onopang'ono, iye ali pomwepo ndi tsache m'manja. Ngakhale zilembo zimene Nasra ankazithamangitsa pa minibasi chaka chatha zinali zitamuthawa.

Asiya anakankha miyendo ya Useni, nazula waya pa batire. Sikirini inangoti bii.

"Ine ndalipira kale usipa wanga," kanatero kamnyamata ka dzulo kaja.

"Ukawauze amayi ako kuti unalipira. Ukawauzenso komwe unautenga."

Anakoka ndowa kunsi kwa tebulo. Pamwamba panali usipa wa lero, koma ataipendeketsa pansi pake panayera mphutsi, zikuyenda mothinana ngati mpunga wamoyo. Ana anathawira panja atagwira mphuno. Asiya anaika ndowayo pamiyendo pa Useni.

"Tenga malipiro ako."

"Kodi ukundisudzula, mkazi wanga?"

"Ndakusudzula, pamodzi ndi ana ako onsewa. Ndowayo ukaitsuke ndi mchenga, ndi yanga."

Useni anatuluka atanyamula ndowa kutali ndi thupi, akung'ung'udza kuti akazi a masiku ano sayamika chitukuko. Asiya anakulunga kabokosi kakuda ndi zogwirira zake m'chitenje chakale, nazilowetsa pansi pa thumba la mpunga wosapuntha. Kenako ananyamula sikirini kuti atenge buku la kusukulu lija. Linatuluka lolemera, lofufuma. Wina anatayirapo thobwa kalekale, masamba onse anamatana n'kuchita nkhungu yakuda, ndipo atayesa kulitsegula munatuluka mphemvu zazing'ono zikuthamangira m'mikono mwake. Analiponya panja. Panalibe tsamba ngakhale limodzi loti munthu n'kuwerenga.

Nasra anali pakhonde, nkhope m'maondo. Sankalira mokweza. Asiya anasamba m'manja, nakhala pambali pake, namupatsa chitumbuwa. Anadikira kuti adye. Kenako anayalanso pepala lamafuta lija pakati pawo.

"Ine ndinalekeza mu 2, iwe uli mu 3. Tikaphatikiza mwina tikwana munthu mmodzi. Tiye."

Anaika chala kumapeto kwa mzere, kudzanja lamanja, monga anazolowera ndi Kuraani. Nasra anadzutsa mutu, napukuta mphuno ndi dzanja.

"Azakhali, timayambira uku."

"Ndi choncho? Ndiye tandisonyeza."

Mwanayo anagwira chala cha azakhali ake n'kuchikokera kumanzere. Anayamba. Chilembo choyamba anachidziwa Nasra, chachiwiri Asiya, chachitatu anakangana. Liwu lija la kawiri linawatengera nthawi yoti munthu n'kupita kumjigo n'kubwerako, koma pomaliza linatuluka: mbuzi. Nasra anathamangira yekha pamzere wachitatu, naliona, nanena kuti ilinso ndi mbuzi. Anapitiriza chomwecho, kugwa ndi kudzuka. Inali nkhani ya mtsikana wina dzina lake Luntha, amene mbuzi yake inadula chingwe n'kukwera matola yokha, n'kubisala pakati pa mitolo ya chinangwa. Galimoto inanyamuka, Luntha akuthamanga pambuyo.

Foni inalira ali pakati. Asiya anaiyankha chala china chili pa pepala kuti malo asatayike.

"Mwam'kwapula?"

"Ayi. Mwana wanu si wakuba, achimwene. Sadziwa kuwerenga. Chingerezi ayi, Chichewa ayi."

"Koma pa vidiyo paja..."

"Pa vidiyo paja ankadina chobiriwira. Ngakhale nkhuku mutaiphunzitsa ingajomphe. Gemu yanu ili m'thumba la mpunga, mudzaipeza pobwera."

"Nanga ndalama zanga?"

"Kafunseni wovala jekete lagolide uja. Pepani, tili pantchito."

Anaika foni pansi. Mzere womaliza unkati woyendetsa galimoto atamva kulira kumbuyo anaima, natsika, ndipo atakweza mtolo woyamba anaona. Pamenepo pepala linathera, m'mphepete mong'ambika mokhotakhota. Nasra analitembenuza. Kuseri kunali mafunso a nkhani ina, ndipo mafuta anali atawameza.

"Anaona chiyani?"

"Sindikudziwa."

"Mbuziyo anaimenya? Luntha anaipeza?"

Asiya anayang'ana mwanayo. Maso aja anali akuyenda, kufufuza m'mphepete mwa pepala ngati mawu ena abisala pamenepo. Anamva kuwawa kwa msana kumene anali atakuiwala kuyambira m'mawa. Sanadzinamize kuti zatha. Mawa ana adzabweranso pakhomo, Nasra adzalirira gemu yake, ndipo iye yekha, ndi zilembo zake zatheka, sakanamufikitsa patali. Mwana akalakwitsa liwu, iye sakanadziwa n'komwe kuti walakwitsa.

Anadzuka, namanga chitenje bwino, nagwira Nasra padzanja.

ANyagondwe anali pansi pa mango paja, chiwaya chikulira. Buku linali pamwendo pawo, chikuto chitachoka kale, ndipo patsogolo pawo panaima mnyamata wa njinga akudikira zitumbuwa zake. Anali atagwira tsamba kuti ang'ambe. Asiya anafulumira, nagwada pambali pawo monga amachitira munthu wobwera ndi nkhani. Ankadziwa bwino kuti akudzasenzetsa mayi mnzake ntchito ina yopanda malipiro, pamwamba pa utsi ndi mafuta otentha, ndipo anachita manyazi. Koma anayankhula.

"ANyagondwe, ndabwera ndi pempho, mundikhululukire. Bukulo musaling'ambenso, ndi anzake a m'katoni aja. Zokulungira ndizikudulirani ine masamba a nthochi m'mawa uliwonse, ndizitsuka, ndizibwera nawo mpaka pano. Ndipo masana mukamakazinga, mulole mwanayu azikhala apa pambali panu azikuwerengerani mokweza. Simusiya ntchito yanu, muzingomvetsera, akaphonya muzimubweza. Koma poyamba, tatiyang'anireni ngati theka la pepala ili likadalipo, lija la mbuzi yokwera matola."